App yathu ya zikhalidwe: ena anadutsa kale njira imeneyi



Amene munalipo pa msonkhano wa mwezi watha mukukumbukira ganizo lija, lakuti tipange app ya pa foni yoti achinyamata aziikapo ndi kuphunzirapo zikhalidwe za mitundu yosiyanasiyana. Wa ku Chitipa aziika mwinoghe, wa ku Nkhata Bay malipenga, wa ku Phalombe tchopa, ife kuno manganje ndi beni, kenaka tizifunsana ndi kuyankhana pomwepo. Tonse tinawomba m'manja. Pogawana ntchito, anzathu awiri amene akuphunzira za makompyuta anatenga yopanga app yeniyeniyo, ena yosakasaka ndalama, ndipo ine munandipatsa yofufuza ngati alipo amene anayesapo zoterezi m'mbuyomu, ati poti ndinkakonda History ku sekondale. Za mapointi amene ndinapeza pa MSCE musandifunse pano.

Ndinayambira pafupi. Ndinatenga foni n'kupita kwa anganga anga, mayi awo a mayi, amene amadziwa nyimbo za pamtondo zambirimbiri za Chiyao. Ndinawafotokozera bwinobwino kuti ndikufuna ndiwajambule mawu kuti anthu akutali aziwamva. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana foniyo, kenaka anafunsa funso limodzi lokha: "Ukazitenga nyimbozo n'kupita nazo, zidzabwerako?" Ine ndinaseka, poganiza kuti nkhalambayi siikumvetsa mmene foni imagwirira ntchito. Tsiku limenelo sanayimbe. Pano, nditawerenga zimene ndikufuna kukuuzanizi, ndaona kuti wosamvetsa ndinali ine.

Poyamba tikumbutsane kuti ife a kuno ndife ndani. Pa tsiku la msika, imani m'mbali mwa msewu wa Liwonde–Ntaja pa Nsanama pano kwa mphindi khumi zokha. Mumva wogulitsa matemba akunenerera m'Chiyao, agogo ena akudandaula za mtengo m'Chilhomwe, wa kabaza akuitanira m'Chichewa, ndipo nthawi ikakwana azana ya ku mzikiti ndi belu la ku parishi zimamveka m'makutu amodzimodzi. Zimenezi zili ndi mbiri yake. Anyanja ndi Amang'anja anali kale m'dera lino. Ayao a gulu la Amachinga analowa kuchokera kumpoto kwa Mozambique cha m'ma 1850 ndi 1860, ndipo maufumu ngati a Kawinga, Liwonde, Kalembo ndi Nsamala ndi a gulu limeneli. Kawinga anakhazikika pa phiri la Chikala mpaka asilikali a Britain anamugonjetsa mu 1895. Alhomwe anayamba kubwera ambiri chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 n'kupitirira m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, kuthawa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Ukawoloka Shire kulowera ku Balaka ndi Ntcheu ukumana ndi Angoni. Paja boma lathuli kale linkatchedwa Kasupe, ndipo Balaka anali mbali ya Machinga mpaka 1998. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 17.5 miliyoni, pafupifupi 34 pa 100 alionse ndi Achewa, 19 Alhomwe, 13 Ayao, 10 Angoni ndipo 9 Atumbuka. Ambiri a ife m'kalabu muno tikafunsidwa mtundu timayamba tafunsa kaye kuti, "Kwa mayi kapena kwa bambo?"

Ndiye kugawana zikhalidwe si chinthu chimene tikuyambitsa ife. Tengani beni amene timamunyadira kuti ndi gule wathu Ayaofe. Anayambira ku gombe la East Africa, m'matauni ngati Mombasa ndi Lamu, cha m'ma 1890, anyamata akutsanzira perete ndi bandi ya asilikali achizungu. Dzina lomwelo likuchokera ku liwu lachingerezi la bandi. Anafalikira kwambiri nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi pambuyo pake, asilikali ndi amtengatenga akubwerera kwawo. N'chifukwa chake mpaka lero ovina beni amavala ngati asilikali, ali ndi maudindo ndi mluzu. Malipenga a Atonga nawonso ndi ochokera ku perete komweko. Panalibe intaneti, koma gule anayenda kuchokera ku nyanja ya mchere mpaka kudzafika m'mabwalo a kwathu kuno, pamapazi. Kusiyana kwake ndi kwakuti amene ankanyamula gule uja ankavina naye. Nkhani inasintha atabwera anthu onyamula chikhalidwe osati m'thupi koma pa pepala ndi pa makina.

Oyamba anali amishoni. Duff Macdonald wa mishoni ya Blantyre anatulutsa buku lotchedwa Africana mu 1882, lodzaza ndi miyambo ndi nthano za Ayao, m'Chingerezi, kuti awerenge anthu a kwawo. Patapita zaka zoposa 60 kunabwera J. Clyde Mitchell, amene anakhala m'midzi ya Ayao ya chigawo chinochi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, akulemba za mbumba, za eni mbumba, za maukwati, za mmene mudzi umagawikira anthu akayambana. Buku lake, The Yao Village, linatuluka mu 1956 ndipo ophunzira a m'mayunivesite akunja akhala akuliwerenga kuyambira nthawi imeneyo. Taganizani: mwina ena mwa anthu amene anamuuza zonsezo ndi azigogo athu enieni. Ndafunsa m'kalabu muno, palibe ndi mmodzi yemwe amene analionapo bukuli. Sindikunena kuti Mitchell anali munthu woipa. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo popanda alendowa zambiri zikanaiwalika. Koma zimene anatenga zinapita, sizinabwereko.

Pakati pa awiriwa pali munthu amene ndikufuna mumudziwe, chifukwa kwa ine ndiye kholo la app yathuyi. Dzina lake ndi Yohanna Barnaba Abdallah, wansembe wa Anglican amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Unangu, kumpoto kwa Mozambique. Iye anakhala pansi ndi akuluakulu, n'kulemba mbiri ya Ayao m'Chiyao chenicheni: za phiri lotchedwa Yao kumene mtunduwu umati unachokera, za kugawikana kwake kukhala Amachinga, Amasaninga, Amangoche ndi ena, za osula zitsulo, za maulendo amalonda opita ku gombe, za mafumu ngati Mataka. Bukulo, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa ku Zomba mu 1919, m'Chiyao ndi m'Chingerezi momwe, mothandizidwa ndi dokotala wina wa boma dzina lake Meredith Sanderson. Kunali kulemba kwa mwana wa m'nyumba, kulembera abale ake m'chinenero chawo. Koma onani zimene zinachitika: bukuli analisindikizanso mu 1973, ku London. Kuchokera pa Nsanama kupita ku Zomba ndi ulendo wa maola ochepa pa minibasi, komabe buku limene linabadwira kumeneko n'losavuta kulipeza ku laibulale ya ku Ulaya kusiyana ndi m'sukulu za kuno. Achewa bola, Mbiri ya Achewa ya Samuel Josia Ntara ya m'ma 1940 inalowa m'manja mwa anthu ambiri.

Kenaka kunabwera makina ojambulira mawu. Hugh Tracey, amene anabadwira ku England koma anakhala zaka zambiri za moyo wake kummwera kwa Africa kuno, ankayenda ndi galimoto yodzaza zipangizo, mudzi ndi mudzi. Ku Nyasaland anajambula maulendo angapo, kuphatikizapo mu 1950 ndi 1958: bangwe, kalimba, ng'oma, nyimbo za amayi pamtondo, za Achewa, Amang'anja, Ayao, Atumbuka, Atonga. Mu 1954 anakhazikitsa malo osungirako nyimbo zonsezi otchedwa International Library of African Music, amene kuyambira 1978 ali pa Rhodes University ku South Africa. Ndamvetserako zingapo pa intaneti ndi bandulo ya usiku, ndipo ndikuuzeni, tsitsi limaima. Mayi akuyimba, musi ukugunda, mwana akulira chapatali, ngati ndi dzulo lomweli. Kenaka ndinadzifunsa: kodi mayi ameneyu anadzimvapo kangati? Nanga zidzukulu zake zikudziwa kuti mawu a agogo awo ali ku Makhanda? M'zaka zaposachedwapa a laibulale imeneyi anayamba kubweza zina mwa nyimbo za Tracey kwa anthu a m'madera amene anazijambula. Ndi chinthu chabwino, koma ambiri mwa oyimbawo zinawapeza ali kumanda.

Chimene chinafanana kwambiri ndi app, m'maganizo anga, ndi wailesi. Mu 1949 kunatuluka kawailesi kotchipa ka mabatire kotchedwa Saucepan Special, poti kankaoneka ngati poto, kogulitsidwa pa mapaundi 5. Anthu a ku Nyasaland ndi ku ma Rhodesia onse awiri ankatchera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, imene inkalankhula Chinyanja, Chibemba ndi zinenero zina. Anthu ankalemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale amene ali ku migodi. Kumeneko si kupanga komenti ndi kutaga mnzako? Munthu wa ku Kasupe ankatha kumva nyimbo ya ku Copperbelt ali pakhonde pake.

Koma wailesi yomweyo ikutiphunzitsa kuti mwini chipangizo ndiye amasankha chikhalidwe choti chimveke. MBC inayamba mu 1964. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Magule a mitundu yonse ankavinidwabe pamaso pa Kamuzu, koma mawu a nyimbo zake ambiri ankasinthidwa kuti azitamanda Ngwazi. Kwa zaka zambiri, Myao, Mlhomwe kapena Msena akatsegula wailesi ya dziko lake nkhani ankazimva m'chinenero cha ena. Zinasintha mu 1994 atalowa Bakili Muluzi, wa kwa Kapoloma konkuno ku Machinga: Chitumbuka chinabwerera, ndipo pofika 1996 nkhani zinayamba kuwerengedwanso m'Chiyao, m'Chilhomwe ndi m'Chisena. Chaka chomwecho cha 1996 ku Chancellor College kunatsegulidwa Centre for Language Studies m'malo mwa Chichewa Board. Amalume anga amati tsiku loyamba kumva nkhani m'Chiyao pa MBC anthu anaitanizana ngati kwagwa ndege.

Alhomwe nkhani yawo ndi yowawa mwapadera, ndipo tiyenera kuidziwa tisanatsegule malo oti anthu azilembapo ndemanga. Atafika kuno ankatchedwa dzina lachipongwe lija loyamba ndi "Ang", limene ena mumalitchulabe moseka. Lewis Bandawe ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 n'kulimbana mpaka boma la atsamunda linasiya kugwiritsa ntchito dzinalo m'makalata ake. Komabe manyazi anali atalowa kale. Makolo ambiri anasiya kulankhula Chilhomwe kwa ana awo, ndipo lero pali Alhomwe ambirimbiri amene moni yekha ndiye amamudziwa. Mulhako wa Alhomwe, umene unayamba nthawi ya Bingu wa Mutharika ndipo umasonkhana kwa Chonde ku Mulanje mu Okutobala, ukuyesa kubweza zimene zinatayika choncho. Palibe lamulo limene linaletsa mayi kulankhula Chilhomwe kwa mwana wake m'nyumba. Kunali kusekedwa basi. Ndiye muganizire app imene munthu aliyense angathe kulemba "kkkkk" pansi pa vidiyo ya gule wa eni ake.

Si kuti onse anatenga n'kupita. Mu 1967 Gerhard Kubik wa ku Austria anakumana ndi anyamata awiri a pachibale a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, akuyimba m'misewu ya Blantyre. Anawajambula, inde, koma ubale wawo sunathere pomwepo: anayenda nawo m'maiko ambiri, ndipo Moya Aliya Malamusi anaphunzira ntchitoyi n'kuyamba kujambula yekha nthano, nyimbo ndi zoimbira, n'kumazisunga m'mudzi mwa Singano ku Chileka komweko. Ku Mua, ku Dedza, Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene Achewa anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. Nyumba yosungiramo zakale ya Chamare kumeneko ili ndi zipinda za Achewa, Angoni ndi Ayao, ndiponso zigoba za Gule Wamkulu mazanamazana. Chimene chinandigwira mtima pa nkhani ya Boucher n'chakuti anatha zaka zambiri akukhala ndi anthuwo, kulankhula chinenero chawo, mpaka kulowa nawo mwambo, asanayambe kuonetsa zinthu zawo kwa alendo. Ife tikufuna kuchita zofanana ndi zimenezo m'miyezi itatu ndi foni ya itel.

Dziko lonse linayamba kuzindikira zina mwa zathuzi. UNESCO inalengeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, tchopa mu 2014, nsima mu 2017, mwinoghe mu 2018, kenaka luso lopanga ndi kuyimba sansi kapena mbira mu 2020, pamodzi ndi Zimbabwe. Kuyambira 2012 a National Library Service ndi anzawo anayendanso m'maboma kujambula nthano pa kanema. Google Translate inaika Chichewa mu 2014 ndi Chitumbuka mu 2024. Pa Wikipedia pali chinthu chimene chimandisangalatsa: ya Chitumbuka, chinenero chija chinathamangitsidwa pa wailesi mu 1968, ili ndi nkhani zambiri kuposa ya Chichewa, chifukwa cha khama la anthu ochepa odzipereka. Palibe nduna imene inawatuma. Ndiye tisamadziderere kuti ndife kakalabu ka pa Nsanama.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ena mukuidziwa kale. Sinditchula mudzi kapena munthu. Chaka chatha, nyengo ya zinamwali ana atatsekera sukulu, mnyamata wina wa msinkhu wathu amene ankathandiza ku ndagala analowa ndi foni m'thumba n'kujambula kavidiyo ka mphindi imodzi. Sanali ndi cholinga choipa, ankafuna kutumizira mchimwene wake amene ali ku Joni, kuti aone kuti mng'ono wawo walowa. Mchimweneyo anatumizira mnzake, mnzakeyo anaponya pa gulupu ya WhatsApp, ndipo pasanathe masiku atatu kavidiyoko kanali pa Facebook, pansi pake pali ndemanga za anthu amene sanapondepo ku Machinga, kutukwana mtundu wonse. Nkhope za ana zinkaoneka bwinobwino. Mmodzi mwa anawo ndi msuweni wanga, wa zaka 11. Nkhani inakafika kwa amfumu, banja la wojambulayo linalipa, koma mbuzi siichotsa vidiyo pa intaneti. Sukulu zitatsegulira mwanayo anakhala milungu iwiri akukana kupita.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti zonse za ku ndagala kapena ku nsondo n'zosafunika kuzikamba. Pali zina zimene ife achinyamata, azaumoyo, mashehe ndi mafumu omwe takhala tikutsutsana nazo poyera, monga kugwiritsa ntchito mpeni umodzi, kusunga ana nthawi ya sukulu, ndi malangizo amene amakankhira atsikana ku ukwati asanakhwime. Zimenezo tizikamba, ndipo tsamba lino lazikambapo. Koma kukamba n'kwina, kuvula mwana pamaso pa dziko lonse n'kwinanso. Chimodzimodzi kwa anzathu Achewa: zovina pabwalo aliyense amaonera, za kudambwe ndi za eni ake. Chikhalidwe chilichonse chili ndi bwalo komanso chili ndi kuchipinda. Facebook ndi TikTok anazipanga ngati nyumba yopanda chitseko, chifukwa kwa eni akewo vidiyo ikamayenda kwambiri ndiye kuti malonda akuyenda.

Pofufuza ndinapeza kuti vuto limeneli anthu ena analipezera njira, kutali kwambiri ndi kuno. Ku Tennant Creek, kumpoto kwa Australia, kuli mtundu wa eni nthaka wotchedwa Warumungu. Nawonso amishoni ndi ofufuza anawajambula zithunzi zambiri kwa zaka zambiri n'kupita nazo. Zithunzizo zitayamba kubwerera pa kompyuta, panabuka vuto: zina ndi za miyambo ya amuna okha, zina za akazi okha, zina ndi za anthu amene anamwalira, zimene abale safuna kungoziona mwadzidzidzi. Ndiye mu 2007 iwo pamodzi ndi wofufuza wa ku America dzina lake Kimberly Christen anapanga pulogalamu yotchedwa Mukurtu, liwu la chinenero chawo lotanthauza kathumba kosungiramo zinthu zopatulika. Mmene imagwirira ntchito ndi motere: chinthu chilichonse chikamaikidwa, eni ake amanena kuti achione ndani. Munthu akamalowa, pulogalamuyo imadziwa kuti ndi wa banja liti, wamwamuna kapena wamkazi, wa m'mudzimo kapena mlendo, ndipo imamuonetsa zokhazo zimene akuloledwa. Eni ake angathenso kulemba nkhani yawo pambali pa zimene mzungu analemba pa chithunzicho, kukonza dzina limene linalakwika, kapena kuchibisa kaye pakagwa maliro. Lero pulogalamuyi imasamalidwa ndi Washington State University, ndi yaulere, ndipo mitundu yambiri ya eni nthaka ku America ndi kwina ikuigwiritsa ntchito. Anzanga awiri a makompyuta, kaioneni musanalembe mzere ndi umodzi womwe wa code. Mwina sitikufunika n'komwe kuyambira pa ziro.

Inde, ndikudziwa, munthu angathe kujambula sikirini ndi foni ina n'kutumiza. Chitseko sichiletsa wakuba aliyense. Koma nyumba ya chitseko ndi yopanda chitseko si zimodzi, ndipo munthu amene wathyola amadziwika kuti wathyola.

Ndiye Loweruka likubwerali ndikubwera ndi maganizo awa, mudzawatsutse ngati mukufuna. App yathu isakhale yoti aliyense angoponyapo chimene wajambula. Chilichonse chizikhala ndi dzina la amene wayimba kapena kufotokoza, mudzi wake, ndi mawu ake ovomereza ojambulidwa pomwepo, osati fomu yachingerezi yodindapo chala. Mwini wake akhale ndi mphamvu yonena mawa kuti chotsani, ife n'kuchotsa. Ana asaoneke nkhope popanda kholo. Za kuchipinda zisalowe n'komwe, kufikira titakhala pansi ndi mafumu, angaliba ndi anakanga kuti atiuze malire. Pa gule wa mtundu uliwonse, woyang'anira ndemanga akhale wa mtundu womwewo. Ndipo wina akadzafuna kutenga nyimbo ya agogo a munthu kukaika mu bit yake ya amapiano, zimene zidzachitike ndithu, tidziwiretu chochita. Lamulo la Copyright la 2016 limakambapo za nthano, nyimbo ndi magule a makolo, ndipo a COSOMA alipo. Wina wa ife akawafunse, tisamangoganizira.

Chinanso chimene mbiriyi yandionetsa n'chakuti chipangizo chimene chinafika kwa anthu ambiri chinali chotchipa ndiponso cholankhula. Buku la Abdallah linafuna munthu wodziwa kuwerenga, wailesi ya ngati poto ija inangofuna khutu. Anthu amene ali ndi chuma chimene tikufunachi ambiri sawerenga, alibe foni ya touch, ndipo amene ali nayo amawerengera bandulo ngati mchere wobwereka. App yodzaza zolembalemba ndi mavidiyo olemera idzakhala ya ife tokha ndi abale a ku Joni. Iziyendera mawu, izilankhula Chiyao ndi Chilhomwe osati Chichewa ndi Chingerezi chokha, ndipo izitseguka ngakhale netiweki itathawa. Komanso tisanyoze anyamata obena nyimbo pa msika paja. Panopa iwowo ndiye akufalitsa nyimbo kuposa app iliyonse: munthu amabwera ndi memori khadi, amalipira kangachepe, n'kupita kumudzi ndi nyimbo mazana. Zimene tajambula m'mudzi, zololedwazo, tiziziika pa memori khadi n'kukazisiya m'mudzi momwemo tisanaziike pa intaneti. Ngati n'kotheka tilemberenso kalata a ku Rhodes University aja, kupempha nyimbo za Chiyao zimene Tracey anajambula, tidzaziyimbe pa sipika pa bwalo la amfumu, tione ngati pali nkhalamba imene idzazindikire mawu a munthu.

Ndinabwereranso kwa anganga sabata yatha. Ulendo uno sindinatulutse foni msanga. Ndinawauza za mayi wa pamtondo uja ndinamumva pa intaneti, ndi za anthu a ku Australia ndi kathumba kawo. Anamvetsera akusenda nandolo, n'kunena kuti anthu amenewo ali ndi nzeru. Kenaka anayimba nyimbo zitatu. Atatha anati ndiwabwezere amve, zonse, kuyambira poyamba. Yoyamba anaseka mpaka misozi, ati sankadziwa kuti mawu awo akalamba choncho. Yachiwiri anati ipite, ndi ya aliyense. Yachitatu anandiuza kuti ndiifufute pomwepo iwo akuona, chifukwa anaipeka okha kalekale ponyogodola mkazi mnzawo wa pamitala, ndipo ana a mayiyo akadali moyo kutsidya kwa dambo. Ndinaifufuta. Inali yokoma kuposa zinazo, aise.

Tikumane Loweruka 2 koloko masana pamalo a nthawi zonse. Amene muli ndi memori khadi yosagwiritsa ntchito mubwere nayo.